Njinga ya a Langizi

Lolemba, 6 Okutobala
Ndawerenga kuti kumaiko akunja anthu amalipira kuti athamangitse njinga zamoto m'malo a boma, kungofuna fumbi basi, ndipo chuma chawo chikukula nazo. Fumbi! Ife kuno ku Kasungu timalidya ulere. Digiri yanga ya zachuma yapeza ntchito tsopano. Njinga ilipo, ya malemu bambo, amene anali mlangizi wa fodya. Achimwene akuti ikapanda kuonetsa phindu pofika Lamulungu, aigulitsa kwa akabaza. Njinga ya bambo izinyamula makala? Ine ndili moyo?

Lachiwiri
M'chigafa momwe yagona zaka zonsezi. Zomwe ndapeza: nkhuku ikufungatira pansi pa injini, mavu m'chipewa cha bambo, mpando ukununkhirabe fodya. Ndakhala pamenepo ola lathunthu. Ndili mwana ndinkakwera pathanki, iwo akuimba nyimbo zakutchalitchi, chibwano chawo chikundigunda pamutu tikagwa m'dzenje.

Lachitatu
Yalira! Kulira kwake komwe kuja, ngati nkhalamba yachifuwa. Amayi atuluka m'nyumba, ayang'ana kumsewu, abwereramo.

Lachinayi
Kuyendera njira za alendo anga. Kunkhalango ya boma mlonda wandibweza pachipata: "Njovu zakuno sizidziwa zoti munapita kuyunivesite, bwana." Kudambo nako, komwe pamapu kulibe kanthu, ndi nazale za fodya zokhazokha, chilichonse chili ndi mwini wake. Mapu ndi abodza. Watsala msewu wafumbi wopita ku Lukwa.

Lachisanu
Kasitomala woyamba! A dokotala apachipatala cha paboma, okulira m'tauni. Akuti akufuna "liwiro loti mtima udumphe." Ndalonjeza. Sindinawauze kuti giya yachitatu sigwira. Bambo sanaifunepo, poti ankaima pakhomo lililonse kufunsa za mbewu ndi za ana.

Loweruka
Tanyamuka bwinobwino, fumbi kobo! Tisanafike patali, masamba pamsewu. Maliro. Tatsika, tikukankha njinga mwaulemu, a dokotala thukuta kamukamu. Koma anthu amva kale kulira kwake. Nkhalamba ina, yomwe kale inali tenanti kuesiteti, yagwira chiwongolero: "Iyi ndi ya a Langizi! Mwana wawo angadutse pamaliro ngati mlendo?"
Atikhazika.
Kenaka akuti alongo awo a malemu ali ku Wimbe, alibe chokwera. Ndapita. Kenaka abusa. Kenaka thumba la ufa. Pobwera ndapeza a dokotala patsinde pa mango, mudzi wonse uli pamzere kuwafotokozera za msana. Mtima wawo sunadumphe.

Lamulungu
A dokotala sakuyankha foni. Achimwene akuti zogulitsa zija zatha: "Anthu onse aiona. Tikaigulitsa, maliro athu adzabwera ndani?" Ndiye njinga yatsala, bizinesi yapita. Chuma cha dziko chiyambe chadikira. Mawa m'mawa ndikuperekeza mayi wina kusikelo ku Nkhamenya. Giya yachiwiri, ngati bambo.