Chigayo Chimene Ndinasamutsa ndi Pakamwa

Tsiku limenelo tinalipo ine, a kompadre anga a Jasinto eni chigayo, mayi Rozalina ogulitsa nyemba, mng'ono wawo Marita, Afonso wokonza njinga, ndi azimayi ena a ku Majaua amene maina awo sindiwadziwa koma liwiro lawo ndinaliona. Ndawatchula onse kuti wina asadzati ndikubisa mboni. Amene panalibe ndi mwini nkhani, mwana wanga Domingo. Akanakhalapo, bwenzi lero ndikadali ndi mnzanga.

Domingo ndi mphunzitsi ku Mocuba, ndipo amalembanso nkhani zopeka, za mizimu yoyenda m'tauni ngati anthu. Atabwera pa tchuthi anandiwerengera imodzi pakhonde (zilembo ndimazidziwa ine, koma zikachuluka zimandiunjirira ngati linthumbu). Inali ya kwathu konkuno ku Milange. Phiri la Tumbine linalimo, msika unalimo, onyamula matumba pa malire analimo, ngakhale dzenje lija la pamsewu limene limagwetsa anjinga. M'kati mwake munali chigayo chimene chimadziyatsa chokha dzuwa likafika paliwombo. Azimayi amene anamwalira n'kusiya ana amabwera kudzagayitsa, ufa n'kukausiya pakhomo pa ana awo amasiye. Misozi inanditsika, poti mayi ake a Domingo nawo anapita iye ali wamng'ono. Ndinamuuza kuti ndi utsi wa fodya.

Koma chinthu chimodzi chinandiipira. Chigayocho anachiika kumunsi kwa mlatho wa Muloza, pomwe pali bango lokhalokha.

"Iwe, pamenepo palibe chigayo," ndinamuuza. "Unabadwira kuno kapena ku Mocuba? Anthu akuseka."

"Zisiyeni choncho, bambo," anayankha, n'kupinda mapepala ake.

Mumtima ndinati sukulu yamuiwalitsa kwawo. Ndipo mwana akalakwitsa, wokonza ndani ngati si bambo ake?

Iye atabwerera, ndinapita kukagayitsa kwa a Jasinto. Amenewa ndiwo anamugwira Domingo paubatizo, n'chifukwa chake timatchulana kompadre. Ndinapeza magetsi atazima, anthu atakhala panja pa matumba awo, zii. Ine pakakhala zii ndimadwala. Ndinayeretsa kukhosi n'kulengeza kuti mwana wanga walemba nkhani ya m'buku (mawu akuti "ya m'buku" ndinawanena, Afonso ndi mboni, koma a ku Majaua anafika nditadutsa kale pamenepo).

Mawu anga mukuwadziwa. Kutchalitchi sandipatsa chimkuzamawu, amati ndingachiphulitse. Ndinayamba bwinobwino, phiri, msika, malire. Nditafika pa chigayo ndinakonza cholakwa chija.

"Chigayo chake ndi chino," ndinatero, ndikumenya khoma.

A Jasinto anali pambali panga akudya mzimbe. Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye muwauze azimayi anuwo azisesa akamaliza, a kompadre. Gaga wachuluka."

Anthu anaseka, ine mtima n'kukula. Ndinawonjezera chitseko chobiriwira chimene aliyense amachiona, ndi benchi lothyoka mwendo, ndinati n'limene akufa amakhalapo podikira. Mayi Rozalina ananyamuka pa benchipo mwakachetechete. Ndikanalekera pomwepo. Koma Marita anafunsa motsitsa mawu, "Kodi malemu a Luwiza a kuseri kwa msika, nawonso amabwera?"

"Oyamba pamzere," ndinayankha ine, mkulu wathunthu wa imvi zake. "Dzuwa likangofika apa," ndinaloza paliwombo, "mumangomva chigayo..."

Magetsi anayaka.

A Jasinto anali ataiwala kuzimitsa pomwe magetsi amathawa. Chigayo chinabangula chokha, m'katimo mulibe munthu, fumbi la ufa n'kutuluka pakhomo lili mbuu. A ku Majaua anasiya matumba, mipango, wina n'patapata womwe. Afonso anathawa atakwera njinga ya kasitomala yopanda tcheni. Ndikuuzeni zoona, nanenso ndinapezeka ndili kuseri kwa mtengo ndikuchita chizindikiro cha mtanda, ine wopeka yemwe.

Madzulo ake tinaseka ndi a kompadre mpaka nthiti kuwawa. Kunali kuseka kwathu komaliza.

Nkhani inapita ku Majaua pansi n'kubwerako pa njinga itasintha nkhope. Za amayi achifundo odyetsa ana awo zinatsala panjira. Tsopano zinali zoti a Jasinto amasunga ndondocha, amadzutsa akufa kuti aziwagwirira ntchito, ndipo amene waulula ndi kompadre wawo weniweni wodziwa za m'nyumba. Anthu anayamba kulambalala, kukagayitsa kutali. Miyala inayamba kugwa padenga. Tsiku lina kuchigayoko kunabwera mwamuna wa malemu a Luwiza, munthu wofatsa, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anangopempha a Jasinto kuti mkazi wake amumasule apume, anavutika kale ndi matenda. A Jasinto analowa m'chigayo n'kutseka chitseko.

Ndinati ndikonze. Ndinakaima pakati pa msika n'kufuula kuti zonsezo ndi bodza, ndinapeka ndine, mwana wanga analemba zina. Anthu anati wofuula chonchi ndiye kuti amuopseza. Ndinabwereza m'Chilomwe, ndinayesanso Chipwitikizi changa chothyokathyoka, ndipo amene anali asanamve za ndondocha anazimvera pomwepo, m'zinenero zitatu. Kenako ndinayamba kukagayitsa ndekha tsiku ndi tsiku kuti anthu aone kuti sindikufa. Chimanga chinatha m'nkhokwe, ufa unadzaza nyumba mpaka kuchita anankafumbwe. Pamzere ndinali ndekha. A kompadre amalandira thumba, kugaya, kundibwezera, osayang'ana nkhope yanga.

Mvula isanagwe anamasula makina awo, anati akupita kwa mwana wawo wamkazi ku Mongue. Ndinafika akukweza katundu pagalimoto. Ndinayamba kulankhula, kuti ife ndi abale a paubatizo, kuti anthu adzaiwala, kuti ine ndidzafika mpaka kwa akuluakulu a boma.

"A kompadre," anatero, "tsitsani mawu. Milange yonse yakumvani kale."

Galimoto inanyamuka. Benchi lothyoka lija analisiya, mpaka pano palibe wolitola, ngakhale wofuna nkhuni.

Domingo anamva zonse asanafike, a Jasinto ndi ngati bambo ake achiwiri. Anatsika basi n'kupita kaye kukaima pa chigayo chopanda kanthu, kenako anabwera kunyumba. Sanakhale pansi. Ine, poti kunyada sikutha ndi ukalamba, ndinayamba ndine.

"Ndimangokuthandiza, mwanawe. Phiri unaliika pamalo pake, msika pamalo pake. Chigayo chokha ndiye unaphonya."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. Analankhula motsitsa kwambiri, mpaka ine, amene sindinazolowere kumvetsera, ndinachita kusendera.

"Bambo, pa mlatho paja ndinakulira ndikusambapo. Ndikudziwa kuti palibe chigayo. Phiri silingathawe kwawo, msika sungagendedwe. Koma mizimu ndinaiika dala pa bango, pomwe palibe munthu woti mawa adzuke alibe anzake."