Chimake Changa Chachikopa Sichinalakwe

Okondedwa owerenga,

Ndikulemba pofuna kuwongola nkhani imene yakhala ikuyenda mokhota pakati pa Amalawi okhala muno mu Nairobi, yakuti ine ndinachititsa manyazi gulu lathu la zisudzo. Sindikukana kuti buluku linatsala pang'ono kugwa. Chimene ndikukana ndi chakuti ntchito ya manja anga inali yolakwika.

Ndine dalaivala pa bungwe lina ku Gigiri, ndipo ndimakhala ku Ruaka. Chaka chatha, anthu akwathu amene timapemphera limodzi ku Upper Hill anakonza sewero. Mayi Chisale, amene ankatsogolera, anandipatsa gawo la mkulu wa apolisi wogwira mbava ya mbuzi. Kwa zaka zinayi ntchito yanga m'gululo inali kunyamula mipando basi, choncho udindowu sindinautenge mwachibwana. Mfuti ya mkulu wa apolisiyo inali yamtengo, yosemedwa ndi kalipentala.

"Muzingoiika m'thumba, Bambo," anatero mayiwo.

Ndinawayankha mwaulemu kuti mkulu wa apolisi satulutsa mfuti m'thumba ngati mtedza. Ndinalonjeza pamaso pa komiti yonse kuti ndisoka chimake chachikopa, chomangirira pa lamba. (Ndinali ndisanasokepo ngakhale batani, koma palibe amene anandifunsa zimenezo.)

Loweruka ndinapita ku msika wa Kariokor. Nditangoima pa sitolo ina, wogulitsa anandifunsa kuti, "Mzee, unataka ngozi?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu woyendetsa galimoto n'kumufunsa ngati akufuna ngozi! Ndinamuuza kuti ndatha zaka makumi awiri ndili pa chiwongolero popanda ngozi, ndipo sindikufuna kuyamba lero.

"Ya ng'ombe ama ya mbuzi?" anapitiriza.

Apa ndinaganiza kuti wanditulukira, pakuti kalekale ndinagundadi mbuzi ku Dedza ndipo sindinauzepo munthu. Atayala katundu wake patebulo m'pamene ndinazindikira kuti m'Chiswahili ngozi ndi chikopa. Ndinagula cha ng'ombe.

Wogulitsayo anandilangiza kuti chikopa amachinyowetsa, n'kuikamo mfuti kuti chitenge maonekedwe ake. Anawonjezera kuti madzi akhale ofunda chabe, ndiponso kuti chiume pang'onopang'ono pamthunzi. Malangizo awiri omalizawa ndinawaona ngati ulesi, makamaka pochokera kwa munthu amene anali atangondiwopseza.

Kunyumba ndinadula chikopa, ndinaboola mabowo ndi msomali, ndipo ndinasoka ndi ulusi wa tayala lakale. Kenako ndinachiphika m'poto.

Mayi a kunyumba anavundukula, n'kununkhiza. "Abambo, kodi ndiwo zasowa mpaka tiyambe kudya nsapato?"

Ndinawapempha kuti asalowerere nkhani zaumisiri. Chikadali chotentha ndinalowetsamo mfuti, n'kuchiyanika pa denga la malata masiku awiri. Chinatsika cholimba ngati nyanga. Ndinachipaka polishi mpaka chinawala, ndipo mfuti sindinaisololenso poopa kuwononga kuwalako. Poyeserera sewero ndinkaloza ndi chala.

Tsiku linafika, holo inadzaza. Mbava anali Bambo Kumwenda, dokotala wolemekezeka kwambiri. Ndinalowa ndi mapazi amphamvu n'kufuula kuti, "Imani pomwepo, m'dzina la lamulo!" Iwo anakweza manja monga tinagwirizanirana. Ine ndinagwira mfuti, ndinakoka.

Sinatuluke.

Ndinakokanso, ndipo chimene chinakwera ndi buluku, mpaka masokosi anaonekera. Chikopa chinali chitafota, mtengo utamwa madzi n'kufufuma, ndipo ziwirizo zinali zitakwatirana. Ndinayesa ndi manja awiri, ndikuzungulira pamalo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake.

"Achimwene," ananong'ona Bambo Kumwenda, "manja atopa. Ndiwombereni msanga kapena ndithawe."

"Mukathawa ndi mlandu wina," ndinatero.

Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Bwana, bwerekani legeni!" Mayi a kunyumba ndinawaona akufunda chitenje kumutu.

Pofuna kupulumutsa sewero, ndinamasula lamba yense, n'kuloza mbavayo ndi mfuti ili m'chimake momwemo, lamba akulendewera. Dzanja lamanzere linagwira buluku. Tsopano panatsala kumanga mbava ndi chingwe, ntchito yofuna manja awiri, ndipo ine ndinalibe lopuma ngakhale limodzi. Ndinalingalira mofatsa. Kenako ndinakankha chingwe ndi phazi n'kulamula kuti, "Dzimangeni nokha."

Dokotalayo anadzimanga, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. Tinatuluka iwo patsogolo, ine pambuyo, ndikuyenda motalikitsa miyendo. M'holomo munali phokoso loti mawu omaliza a sewero sanamveke.

Sabata yotsatira komiti inandidziwitsa kuti luso langa likufunika kwambiri ku mipando. Ndinalandira chigamulocho popanda kuchivomereza. Ndikupempha owerenga aganizire mfundo iyi: ntchito ya chimake ndi kusunga mfuti. Changa chinasunga. Mbava inagwidwa, magazi sanakhetsedwe, ndipo buluku silinafike pansi. Ngati pali wolakwa, ndi kalipentala amene anasankha mtengo wakumwa madzi.

Mayi Chisale anditumizira uthenga kawiri kuti ndibweze mfutiyo, poti ndi katundu wa gulu. Ndawayankha m'kalata kuti sindikukaniza. Ili pa khoma kunyumba kwanga, ndipo aliyense wa m'komiti ali ndi ufulu wobwera kudzaisolola.