Jekete la ku Kamwala

Lolemba
Ndapeza sikolashipu yokaphunzira unamwino kunja, yolipira zonse, ndege yomwe! Akufuna kavidiyo kakafupi kofotokoza chifukwa chake anditenge ineyo, kafike pofika Lachisanu. Zofunika: khoma loyera, bulauzi yosita, bata. Ndauza amayi okha, ndawapempha kuti asauze munthu. Mtima uli m'mwamba!

Lachiwiri
Amayi apereka umboni kumapemphero a azimayi kuti mwana wawo akupita kunja. Akupita! Kavidiyo sindinajambule n'komwe. Kwathu kuno ku Kabwata aliyense wamva.

Lachitatu
Ndatsamiritsa foni pashelefu, ndayamba: dzina langa ndine... Odi! Azakhali a ku Chelstone. Mlendo sungamusiye pabalaza n'kumakalankhula ndi foni, ndiye ndagwada, ndapereka moni, ndaphika tiyi. Abwera ndi chijekete chaubweya cha salaula, chovalidwapo kale, agula kumsika wa ku Kamwala. "Uko kuli mphepo maningi, mwana wanga. Vala tikuone!" Ndavala. Kutentha kwa Okutobala kumeneku!

Lachinayi
Ndathawira kwa amalume ku Woodlands, kumene anthu amakhala m'mipanda ali zii. Khoma lilipo, loyera bwino. Koma amalume ayitana aneba kudzanditsanzika. "Shani, muli bwanji ba nasi ba kunja? Musakatiiwale ka." Ndajambula mawu awiri ndi galu wouwa.

Lachisanu
Ndadzitsekera kuchipinda kwathu. Chizungu chikutuluka ngati madzi, ndatsala pang'ono kumaliza. Chitseko ng'aa! Amayi ndi anzawo a kutchalitchi, kudzandisanjika manja. Mkati mwa pemphero magetsi athima, batire lafiira. Kujambulanso sikutheka. Ndatumiza kavidiyoko momwemo, ndi Ameni wake yemwe.

Loweruka
Ndakaonera. Nkhope yanga ikusuzumira pakati pa mikono ya azimayi, ndikufotokozabe za odwala, diso limodzi lotsinzina. Ndalira. Kenako ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma sindinadodome mawu ngakhale amodzi, ndipo a sikolashipu aja akakaona adziwa kuti ndimatha kugwira ntchito pakati pa chipwirikiti. Si unamwino umenewo?

Lamulungu
Azakhali akakamira kuti ndivale jekete kutchalitchi. Abusa andiimiritsa kutsogolo, mpingo wonse wanditsanzika, ine thukuta kamukamu. Yankho akuti libwera pakapita miyezi. Basi, ndidikira. Akandikana ndiyesa kwina, jekete ndili nalo kale. Mawa ndikwera minibasi kupita kukiliniki monga mwa masiku onse. Potuluka m'tchalitchi mayi wina wandigwira dzanja mwachimwemwe: "Ah, mwabwela liti?"