Zitini Ziwiri Padzuwa

Lolemba

A hedi andiitana ku ofesi. Akuti a Zulu, aphunzitsi a fizikisi, awasamutsira ku Dedza, ndiye Fomu 3 ndi yanga kuyambira lero. Ine! Ine wa bayoloje ndi zosokasoka! Akuti, "Zonsezo ndi sayansi, amayi."

Sanathere pomwepo. Lachisanu kukubwera oyendera sukulu, ndipo adzakhala m'kalasi mwanga. Akandilembera zabwino, pempho langa loti ndikakhale ndi bambo akunyumba ku Lilongwe liyenda. Chaka chachiwiri chino tikuonana pa holide pokha.

Mutu wa phunziro: mphamvu ndi kutentha. Buku ndi limodzi, masamba ena chinadya chiswe. Likuti mwala umene uli pamwamba pa phiri uli ndi mphamvu ngakhale ukungokhala. Ili pati m'mwalamo? Kaya.

Koma ndapezamo chophweka. Zitini ziwiri za madzi, china chakuda, china chowala, uziike padzuwa. Chakuda chitentha msanga. Dzuwa ndiye tili nalo, Okutobala uno. Zofunika:
zitini ziwiri zofanana
penti wakuda
themometa yoyezera kutentha
mtima

Lachiwiri

Zitini andipatsa a Jafali a golosale pa boma, zotha mkaka waufa. Penti palibe. Ndadetsa china ndi mwaye wa koloboyi. Manja bii, bulauzi bii.

Themometa ya sukulu kaya anapita nayo a Zulu, kaya siinakhalepo, palibe akudziwa. Andibwereka yawo Mayi Gondwe, anamwino oyandikana nane nyumba. "Muisunge ngati dzira."

M'kalasi ndafotokoza m'Chingerezi katatu. Ana angoti kukamwa yasa. Ndatseka chitseko n'kuwauza m'Chichewa chathu: mphamvu silengedwa, siwonongeka, imangochoka kwa uyu n'kupita kwa wina. Sikhala malo amodzi mpaka kalekale. Onse alemba! Esinati Sakala wakweza mkono: "Ngakhale ichuluke chotani, madamu?" Ndati eya, ngakhale ichuluke chotani. Mwana wanzeru uyu.

Lachitatu

Kuyesa ndekha kuseri kwa nyumba. Ndangolowa kukatenga kope, potuluka ndapeza mbuzi yamwa madzi a m'chitini chowala, ikunyambita chakudacho. Kuyambiranso.

Masana ndayeza. Chakuda kaye, kenaka chowala. Nambala imodzimodzi! Ndayezanso. Imodzimodzi! Akunama ndani, buku, dzuwa, kapena ine?

Ndati ndione ngati themometayi ikugwiradi ntchito. Ndaiviika m'ketulo ya madzi owira. Thwa!

Tiyi ndataya. Mayi Gondwe andipatsa moni pampanda, ndayankha ndikuyang'ana nkhuku.

Lachinayi

Ku ofesi kachiwiri. Pampando wa alendo pali a Sakala, bambo ake a Esinati, amenenso ndi tcheyamani wa chipani m'dera lino. Kope la mwana lili pamwendo, chala chili pamzere uja.

"Mphamvu imene ichokeyo ndi ya ndani? Ipita kwa ndani? Wakutumani ndani?"

Ndayamba za mwala wa pamwamba pa phiri. "Phiri liti?" Ndati lililonse. "Ndiye mwalawo mukufuna ugwe?" Ndati ayi, ndi wa m'buku. Akuti kuno ndi kumalire, amadziwa kumene maganizo otere amalowera. Ndatulutsa khadi la chipani, la chaka chino, ndi la chaka chatha lomwe. Aliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Akuti mawa adzabwera adzamve okha.

Iwo atatuluka a hedi apukuta thukuta. "Mawu amenewo asatulukenso pakamwa panu, kaya m'Chichewa, kaya m'Chingerezi." Ndafunsa kuti nanga ndiziti chiyani. "Muziti chinthu chija."

Phunziro lonse la chinthu chija! Kwa oyendera!

Lachisanu

Mitambo. Miyezi isanu osaona mtambo, lero ndi iyo.

Oyendera akhala kumbuyo ndi cholembera. A Sakala akhala pakhomo, chipewa pabondo. Zitini zili pazenera kudikira dzuwa loti kulibe. Themometa palibe, ndiye ana abwera pamzere kudzapisa chala. Amene akuti chakuda chafunda: khumi ndi anayi. Amene akuti chowala: khumi ndi awiri. Wina akuti zonse zazizira. Esinati wakana kupisa.

Oyendera afunsa mwaulemu ndithu: "Amayi, auzeni ana, n'chiyani chimachoka kudzuwa n'kulowa m'chitinimo?"

Ndayang'ana a Sakala. Ndayang'ana oyendera. Ndati, "Chinthu chija, bwana."

"Chiti?"

Pomwepo mvula wa! pamalata. Ndayankhula mphindi khumi zathunthu, palibe wamva kanthu, ngakhale ine mwini. Mwina ndanena zoona.

Belu litalira a Sakala abwera kutsogolo, apisa chala uku ndi uku, mkono wa malaya wadetsedwa ndi mwaye. Auza a hedi pakhonde: "Apa palibe ndale. Palibenso maphunziro."

Loweruka

Ndaulula kwa Mayi Gondwe, zidutswa za themometa zili m'kapepala. Afunsa, "Musanayeze chitini chachiwiri, munaikutumula?" Kuikutumula? Akuti ya kuchipatala ikakwera siitsika yokha, umachita kuigwedeza. Ndiye buku silinaname! Aseka mpaka kugwira chitseko. Akuti ndi ya m'khwapa mwa wodwala, osati ya m'ketulo. Moni wamadzulo sanandipatse.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi a hedi andikokera pambali, nkhope yowala. A Sakala nkhani aitaya. Kupolisi sindipita. Ndathokoza Mulungu pomwepo.

Kenaka akuti oyendera anakondwa. Akuti m'sukulu zonse zimene ayenda, ndine ndekha amene ndayesa kuonetsa ana kanthu ndi manja. Alemba kuti mphunzitsi wotere asachotsedwe ku Mchinji, apitirize fizikisi mpaka Fomu 4.

Ndati zikomo. Ndikanati chiyani?

Kalata ya kwa bambo akunyumba ndaiyamba kawiri, ikuthera pa moni. Ndatsegula buku kuti ndione za mawa. Mutu wotsatira ndi magetsi.

Pasukulu pano palibe magetsi.