A Vitus ndi makalata awo opita kwa Bambo Noreply

Aliyense amene anakhalako ku Kahawa kuno ku Nairobi akudziwa kuti malemu a Vitus Chirambo sankalola uthenga kugona osayankhidwa. Kaya ndi wa ku banki, kaya wa kampani ya foni wowauza kuti mayunitsi atha, iwo ankavala magalasi, kukhala tsonga, n'kuyankha ndi ulemu wonse.

Anabwera ku Nairobi ngati dalaivala wa bungwe lina la Akatolika. Atapuma ntchito anayamba kuitanitsa mpunga wa Kilombero n'kumagulitsa kwa Amalawi anzathu, ndipo bizinesiyo anailembetsa bwinobwino kwa a msonkho. Inatha zaka ziwiri zokha n'kugwa, chifukwa theka la mpungawo ankangopatsa anthu kuti akalawe.

Posakhalitsa maimelo a msonkho anayamba kubwera, owakumbutsa kuti sanatumize mafomu a pachaka. Pamalo pa dzina la wotumiza panalembedwa kuti noreply.

"Kodi ameneyu ndi Mkamba kapena Mluo?" a Vitus anafunsa akazi awo, mayi Modesta, akutchula mitundu ya anthu a ku Kenya.

"Ndi makina amenewo, bambo. Sayankhidwa."

"Makina angadziwe dzina langa lonse, ndi lapakati lomwe?"

Basi anayamba kulemberana ndi Bambo Noreply. M'kalata yoyamba anafotokoza tsiku limene anatseka bizinesi komanso chifukwa chake. Chikumbutso china chitabwera anayankhanso, n'kuwonjezerapo za nthenda yawo ya shuga. Pofika chaka chachitatu anali atawauza a Noreply za kukwera mtengo kwa matatu, maminibasi a kuno, ndi za kwaya imene inkaimba mothamanga, ndipo anawaitanira ku ukwati wa mwana wawo ku Syokimau. Mpando anawasungira, wachiwiri kuchokera kwa abambo mfumu. Kalata iliyonse ankakaisindikiza n'kuiika mu fayilo yobiriwira.

"Munthuyu ndi wamanyazi," ankatero, "koma sandiiwala."

Zinthu zinavuta atapita kukakonzetsa mapepala awo okhalira m'dziko muno. Anauzidwa kuti abweretse kalata yosonyeza kuti alibe mlandu ndi a msonkho, koma atakafufuza anapeza zindapusa zitaunjikana. Popanda kalatayo kunali kulongedza, kusiya adzukulu ndi dokotala wawo yemwe. A Vitus anati alemberenso mnzawo uja. Mayi Modesta anawalanda foni, kuwakweza matatu a pa Thika Road, mpaka mu ofesi ya Magdalene Wairimu, katswiri wothandiza anthu pa nkhani za msonkho.

"Keti, mzee," anatero Magdalene m'Chiswahili powauza mkuluyo kuti akhale pansi, n'kutsegula fayilo ija. Anawerenga kalata yoyamba, yachiwiri, yachisanu. Atafika pa ya ukwati anapempha kutuluka pang'ono. Pobwera anali akupukuta m'maso ndi kansalu.

"Mzee, makalata amenewa palibe munthu anawerengapo."

"Ngakhale ya ukwati?"

"Ngakhale imeneyo. Pole sana, pepani kwambiri."

A Vitus anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa kwa nthawi. "Ndiye nkhuku ya pa mbale yawo ija anadya ndani?"

"Ndinadya ine," anayankha mayi Modesta.

Magdalene anasolola kalata yoyamba ija n'kuiika padera. Anati imeneyo inali ndi tsiku lotsekera bizinesi, ndipo inkaonetsa kuti munthuyu sankathawa ayi, ankangogogoda pakhomo lolakwika. Anadzaza mafomu a zaka zonse zotsalira, kutseketsa bizinesiyo mwalamulo, n'kulemba pempho loti zindapusa zichepetsedwe. Anapita ndi a Vitus ku ofesi ya msonkho kawiri, atawalangiza kuti azingoyankha zimene afunsidwa. Ulendo woyamba a Vitus analephera kudzigwira, moti wa pa kauntala anamva mbiri yonse ya mpunga wa ku Karonga. Patatha miyezi iwiri kalata yosonyeza kuti alibe mlandu ija inatuluka.

Malipiro a Magdalene a Vitus anapereka onse, n'kuwonjezerapo tambala wamoyo amene anakwera nawo lifiti mpaka pansanjika yachisanu ndi chimodzi.

Kuyambira pamenepo a Vitus anasanduka mlaliki wa msonkho. Mwezi wa Juni, womwe ndi womaliza kutumiza mafomu, ukangoyamba, ankaimirira pa zolengeza za Misa ya Amalawi, n'kumatchula anthu mayina.

"A Thomas, mwatumiza mafomu? Musandiyang'ane choncho. Pitani kwa mwana wanga Magdalene, musamavutike nokha ngati ine."

Anthu ankabisa nkhope m'mabuku a nyimbo, koma Lolemba lake ankapita.

Anatisiya mu Febuluwale chaka chino, atangodwala masiku anayi. Pa mapemphero otsanzikana nawo, thupi lisanapite ku Rumphi, Magdalene anakhala pakati pa amayi atavala chitenje chimene anamubwereka mayi Modesta, akuyesetsa kutsatira nyimbo zimene sankazimva mawu.

Juni wa chaka chino, wolengeza atamaliza kuwerenga pepala lake anaima kaye, maso ali ku benchi yachitatu, pamene ankakhala a Vitus. Tonse tinadikira naye. Kenako a Thomas anadzuka pang'onopang'ono, kukonza kukhosi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ine ndatumiza kale."