Sabata Yoyeserera Umphawi

Lolemba

Aimbanso a ku banki. Khadi la ngongole lija ankatigawira pamsika wa pa Boma, nyimbo zili pokopoko, lero lafika K420,000. Ndinagulira mashini yosokera ndi filiji. Miyezi isanu osabweza.

Achimwene a ku Dwangwa akuti: "Mlongo, ukaoneka wopeza bwino akukama. Oneka wosauka, adula pakati." Wotolera ngongole akubwera Lachitatu. Pulani:
- filiji ikabisale kwa aneba, Amayi Asiyatu
- mashini kuchipinda, pansi pa matumba a mpunga
- ndivale chitenje chija ndimapukutira mawindo
- osaseka

Ndiwauza K200,000, basi!

Lachiwiri

Filiji yapita pa wilibala masana dzuwa lili pamutu. Mudzi wonse waona. Amayi Asiyatu akuti, "Alhamdulillah, chambo changa chapeza pogona." Alongedzamo kale mabeseni awiri.

Ndikuyeserera nkhope yachisoni pagalasi. Abambo akunyumba akufunsa ngati dzino layambanso.

Lachitatu

Afika pa kabaza. A Mhone, bambo woonda, chikwama chachikulu kuposa mwiniwake. Potsika buluku lakodwa pa keliyala, phwee! Kuchokera kumbuyo mpaka pabondo. Akhala pampando atapana miyendo, thukuta kamukamu. Akuti kwatsala nyumba zina zisanu zoti afikeko.

Ndawauza kuti mashini ndinagulitsa kalekale. Alemba. Ndikuyang'ana buluku. Ndikuyang'ana kudenga. Bulukunso. Munthu wamkulu ayende chonchi pa Boma? Ndawapatsa chitenje avale, ndachotsa matumba, ndasoka.

"Mashini yogulitsidwa ikusoka bwinotu, mayi," atero akufufuta zomwe analemba.

Ndaseka mpaka misozi. Mfundo ziwiri zagwa tsiku limodzi.

Lachinayi

Abweranso. Abwana awo akana K200,000. Pocheza zadziwika kuti kwawo ndi ku Chintheche, mudzi woyandikana ndi wa mayi anga. Wakwanu sumubweza ndi njala: mpunga, chambo chokazinga, chigwada chotendera. Ndaika mbale patebulo ndiye ndikukumbuka. Mphawi wanji wokazinga chambo pakati pa sabata?

Ali mkati modya, Amayi Asiyatu akuwa ali kuseri kwa mpanda: "Anzanga, filiji yanu ija ikulira, tiizimitse?"

A Mhone sanadzutse mutu. Angopempha mchere.

Lachisanu

Foni ndi abwana a ku Lilongwe, mayi wa mawu ozizira. Ine 200. Iwo 400. Ine 250, ndikuonjezera chifuwa.

"Mayi, lipoti likuti muli ndi mashini, filiji, ndi mtima wabwino. Ziwiri zoyambazo tikhoza kulanda."

Mashini ikapita, fizi ya mwana wanga Tadala, amene ali fomu folo, ichokera kuti? Ndapempha tsiku limodzi. Masana onse ndikusoka kolala yomweyomweyo, kusoka ndi kuphwasula.

Loweruka

A Mhone ndi pepala: K340,000, chiwongoladzanja chaima, miyezi khumi, katundu sakhudzidwa. Akuti anakangana ndi abwana mpaka mayunitsi anatha. Ndawerenga kawiri, ndasaina. Khadi alidula ndi sizasi yanga yomwe, zidutswa zinayi. Sindinalire.

Ndaimbira achimwene. "Sunasauke mokwanira." Akulankhula munthu wa ngongole zitatu!

Filiji sikubwera. Amayi Asiyatu akuti azindipatsa K5,000 pa sabata mpaka nsomba zitachepa. Ndavomera asanamalize chiganizo.

Lamulungu

Kutchalitchi, pemphero litafika pa zokhululukirana mangawa, ndakweza mawu kuposa kwaya. Mwina amva ku Lilongwe. Sanamve. Potuluka, uthenga pafoni: gawo loyamba, K34,000, kumapeto kwa mwezi.

Chabwino. Ndawerengera: mayunifolomu asanu ndi awiri pamwezi. Maso akuonabe, mwendo ukupondabe.

Takhala pakhonde ndi abambo akunyumba, tiyi ndi chinangwa. Ndathira shuga masupuni atatu. Akundiyang'ana.

"Musadandaule," ndawauza, "ameneyu ndinagula kashi."