Monga Inatulukira ku Fabrika

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuinena pagulu. Koma poti lero waolokera kumsika wa ku Muloza, khalani pansi mumve mmene ndinaphwanyira galimoto ya a shefe ndi manja angawa, ndisanalawe ndi kachasu komwe.

Azungu a ku esiteti ya tiyi atathawa, anasiya galimoto yakuda, yamphuno yaitali, mipando yake yachikopa. Inagona pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Kenako a shefe, akuluakulu a paboma la Milange, anaikokera ku galaja yathu, ya ine ndi mlamu wanga Afonso.

"Kamarada Zuze," anatero, "mwana wanga Lusiya akukwatiwa. Galimoto iyi ndikuifuna monga inatulukira ku fabrika. Orijinale. Mwamva?"

"Ndamva, shefe."

Ndinamvadi. Kwathu kuno ukati fabrika, ngakhale mbuzi ikulozera ku fakitale ya tiyi. Ine ndinakulira pageti pomwepo, ndipo galimotoyo ndinkaiona ikutuluka m'mawa uliwonse: chitseko chakumbuyo chopindikira mkati, nyali imodzi yakufa, boneti yomanga ndi chingwe cha khonje, mkati monse fungo la masamba a tiyi.

Ine ndikulimbana ndi injini, Afonso anagwira thupi. Anawongola, anapala, anapaka penti yomwe tinaolotsa pa mtsinje wa Ruo. Galimoto inawala mpaka amayi opita kuchigayo ankaima pachitseko chake kukonza maduku.

"Alamu, mwaiononga," ndinatero.

"Ndaiononga pati? Palibe ndi kachipsera komwe."

"Vuto lake ndi lomwelo. Agogo anu mutawaika mano atsopano ndi tsitsi lakuda, mungawatchebe agogo? A shefe anati orijinale."

"Fabrika akunenayo ndi ya ku Ulaya, alamu, kumene anaipangira."

"Inu munafikako ku Ulaya? Ine fabrika ndinaiona ndi maso angawa."

Afonso sukulu analekeza kalasi yachiwiri, ine ndinasuzumirako yachitatu, choncho mtsutso unathera pomwepo. Anangopukuta m'manja n'kunena kuti, "Akakufunsani, ine mulibe nane chibale."

Ndinakulunga hamala m'chiguduli, ndinayeza malo ake ndi diso, gu! Chitseko chinabwerera mwakale. Ndinazula babu, ndinamanga boneti ndi khonje, pansi pa mipando ndinawazapo masamba a tiyi. Ndinaima patali ndikudziyamikira ndekha.

A shefe anabwera ndi akazi awo, mayi Rozita, komanso msilikali wamfuti paphewa. Anaizungulira galimoto. Anafika pachitseko n'kuima.

"Ichi n'chiyani, kamarada?"

"Orijinale, shefe. Ndendende mmene inkatulukira ku fabrika ya tiyi."

Msilikali uja anakhosomola. "Shefe, iyi ndi sabotaji, kuononga dala."

Masiku amenewo mawu amenewa akakugwera, unkakwera lole osatsanzika ana, n'kukalima kutali kumene abale ako sangakupeze. Nditafunafuna mlamu wanga, ndinangoona mapazi ake pansi pa thirakitala yomwe inalibe ndi injini yomwe.

Mayi Rozita anawerama, anasisita popindika paja, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Bambo a Lusiya, simukupazindikira? Si pompano munagunda ndi njinga, khosi litapotokera kwa ine ndikuthyola tiyi? Mzungu anakuthamangitsani mpaka mumtsinje, nsapato imodzi kuisiya panjira."

Msilikali anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. A shefe anapenyetsetsa chitseko chija nthawi yaitali, ndevu zikunjenjemera.

"Kunali kopindika kwambiri kuposa apa," anatero motsitsa mawu.

Ine pofuna kuonetsa khama, ndinatola hamala. "Ndiwonjezere, shefe?"

"Ikani pansi chinthucho!"

Mayi analamula kuti chingwe chichoke, nyali iyake, koma chitseko asachikhudze munthu. Tsiku la ukwati iwo anali pomwepo, kuonetsa alendo malo amene banja lawo linayambira. Ine ndinadya mpunga waukwatiwo ndili kwathu ku Milange, osati kuminda yakutali, ndipo sindinalawepo mpunga wokoma chotero.

Chokhacho, mpaka lero ana akandiona pamsewu amakuwa, "A Fabrika, ndiwonjezere?"

Abale anga, shefe akalankhula chizungu, funsani kaye kuti fabrika yake ndi iti musanatole hamala.